Vera Hall: Woyimba Amene Dziko Linamumva Atamwalira

Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mayi amene anthu amamudikira pamaliro. Nyimbo zikhoza kumayenda mwaulesi usiku wonse, koma iye akangofika n'kukhala pansi pasiwa, zimadzuka. Akayambitsa, onse amavomera. Ndi yemweyo amene amatsogolera pamtondo, pachinkhoswe ndi kukwaya ya amayi. Sanalowepo mu situdiyo, dzina lake silinatchulidwepo pawailesi, ndipo mukamufunsa ntchito yake adzakuuzani kuti ndi mlimi kapena amagulitsa mandasi. Amadziwika m'midzi itatu kapena inayi. Akamwalira, nyimbo zina zimatsala pakamwa pa anzake, koma mawu ake enieniwo, mmene ankakokera ndi mmene ankatsitsira, amapita naye kumanda.

Kwa zaka zikwizikwi, woyimba aliyense padziko ankatha motero. Makina oyamba otha kujambula mawu n'kuwabwezanso anapangidwa ndi Thomas Edison mu 1877, ndipo ngakhale atabwera, ankapita kwa oyimba amene makampani ankaona kuti agulitsa. Mutu uno ukutsata mayi mmodzi amene kampani iliyonse ikanamudutsa: wophika ndi wochapa zovala wa ku Alabama, m'dziko la America. Mawu ake anajambulidwa, anasungidwa, kenako anamveka m'maiko ambirimbiri iye atagona m'manda zaka 35.

Dera la dothi lakuda

Vera Hall anabadwa mu 1902 ku Payneville, kamudzi ka m'boma la Sumter, pafupi ndi tawuni ya Livingston kumadzulo kwa Alabama. Derali limatchedwa Black Belt chifukwa cha dothi lake lakuda lachonde. Chondecho n'chimene chinachititsa eni minda kudzazamo akapolo kuti azilima thonje. Ukapolo unathetsedwa mu 1865, koma minda inatsala ndi eni ake akale, ndipo anthu akuda ambiri anasanduka matenanti. Mwini munda ankapereka malo, mbewu ndi chakudya pangongole. Pokolola ankatenga gawo lake, n'kudulanso ngongole ija pa chotsalacho. Mabanja ambiri ankamaliza chaka ali ndi ngongole yoposa imene anayamba nayo. Mu 1901, chaka chimodzi Vera asanabadwe, Alabama inalemba malamulo atsopano oyendetsera boma amene anatsekera anthu akuda pafupifupi onse mwayi wovota.

Cha m'ma 1910 kunabweranso mdani wina, kachilombo kotchedwa boll weevil, kamene kamaboola thonje lisanaphulike n'kuikiramo mazira. Minda yathunthu inkawonongeka. Anthu anakapekera nyimbo zambiri kachilomboka, zina zodandaula, zina zokaseka, ndipo imodzi mwa izo Vera ankaiyimba mpaka ukulu wake.

Vera anakwatiwa ali mtsikana ndi mwamuna wogwira ntchito kumgodi wa malasha. Patangopita zaka zochepa mwamunayo anaphedwa. Kuyambira pamenepo moyo wake unali wa kukhitchini ndi kochapira, m'nyumba za azungu. Kuyimba sikunali ntchito yake yolandirapo malipiro.

Nyimbo za Mulungu ndi nyimbo za dziko

Kwawo kwa Vera nyimbo zinkagawidwa pawiri, ndipo malire ake anthu ankawalemekeza kwambiri. Kunali nyimbo zauzimu, zimene akapolo anazipeka posakaniza nkhani za m'Baibulo ndi masautso awo. Mmodzi ankatsogolera, mpingo n'kumavomera, kawirikawiri popanda chida chilichonse. Kenako kunali nyimbo za dziko: za kumunda, za kundende, za chikondi, za masewera a ana, ndi zimene zimatchedwa blues.

Blues ndi nyimbo ya munthu mmodzi woyimba za mavuto ake: njala, ngongole, ulendo, mwamuna kapena mkazi amene wathawa. Kapangidwe kake kodziwika n'kosavuta kukazindikira. Woyimba amatchula mzere umodzi, amaubwereza, ndiye mzere wachitatu umayankha kapena kutembenuza nkhani. Chimene chimaipatsa kukoma kwake ndi kapindidwe ka mawu: woyimba sagunda noti molunjika ngati piyano, amaitsetsereka, n'kuima pakati pa manoti awiri pamene piyano ilibe batani. Mbali ina ya kayimbidwe kameneka inachokera ku mfuu za kumunda, pamene munthu wolima yekha ankakuwa moyimba kuti wa m'munda wina amve kuti kuli mnzake.

Anthu opemphera ambiri ankaona blues ngati nyimbo zauchimo. Msuweni wa Vera, Dock Reed, amene ankayimba naye nyimbo zauzimu, sankayimba za dziko ngakhale pang'ono. Vera ankayimba zonse. Zauzimu anaziphunzira kwa makolo ake ndi kutchalitchi. Za blues zina anazitola kwa Rich Amerson, munthu woyendayenda wa m'deralo, wodziwa nyimbo ndi nthano zosawerengeka. Zonsezi ankaphunzira pomva, osati powerenga, ndipo zambiri sizidziwika amene anazipeka. Nyimbo zoyenda pakamwa chotere ndi zimene akatswiri amazitcha folk.

Kwa ine, chodabwitsa pa Vera n'chakuti sakuwa. Oyimba ambiri a nyimbo zachisoni amafuna kuti uone kuti akulira. Iye amayimba modekha, mawu oyera, osathamanga, ndipo akafika pokwera amangothyola mawu n'kupita pamwamba kamphindi, monga amachitira mu nyimbo yake ya "Wild Ox Moan". Palibe gitala, palibe ng'oma. Cholakwika chilichonse chikanamveka poyera, koma sumachipeza.

Galimoto yonyamula makina

Mu 1928, laibulale yaikulu ya boma la America, Library of Congress, mumzinda wa Washington, inatsegula nthambi yosonkhanitsa nyimbo za anthu wamba. Malo otere, osungirako mawu ojambulidwa pamodzi ndi zolemba zofotokoza za iwo, tiwatche nkhokwe ya mawu. Munthu amene anaidzaza kwambiri nkhokweyi m'zaka zoyambirira anali John Lomax wa ku Texas. Mu 1933 iye ndi mwana wake Alan, amene anali ndi zaka 18, anamangirira kumbuyo kwa galimoto makina ojambulira olemera makilogalamu oposa 140, n'kuyamba kuzungulira m'minda, m'matchalitchi ndi m'ndende za kummwera. Ndi pa ulendo umenewo pamene anakumana ndi woyimba wotchedwa Lead Belly m'ndende ya Angola ku Louisiana.

Kagwiridwe ntchito ka makinawo n'koyenera kukamvetsa, chifukwa kamafotokoza zambiri za nyimbo zimene zinatsala. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Maikolofoni inkasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu ya magetsi, magetsiwo n'kugwedeza singano yakuthwa. Pansi pa singanoyo pankazungulira mbale, poyamba ya aluminiyamu yokhayokha, pambuyo pake yokutidwa ndi utoto wofewa. Singano inkalemba kanjira kozungulira kokhotakhota mogwirizana ndi mawu. Ukaika singano ina m'kanjirako, inkagwedezeka chimodzimodzi, mawu n'kutuluka. Mbale imodzi inkatenga mphindi zochepa chabe, ndipo chimene chalembedwa chalembedwa: panalibe kufufuta. Galu akauwa kapena tambala akalira, nayenso ankalowa m'mbiri. Kumidzi yopanda magetsi makinawo ankadalira mabatire olemera ofuna kutchajidwa pafupipafupi.

Koma makina sadziwa kumene kuli woyimba. Mabuku ambiri amathamangira kutamanda a Lomax n'kuiwala kuti mlendo wochokera kutali, mzungu, sakanangoima pakhomo la munthu wakuda ku Alabama wa m'ma 1930 n'kuyimbiridwa nyimbo zakumtima. Amene anatsegula khomo anali Ruby Pickens Tartt, mayi wachizungu wobadwira ku Livingston komweko, amene kuyambira ubwana wake ankapita ndi bambo ake kukamvera nyimbo m'matchalitchi a anthu akuda. Pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma a m'ma 1930, boma linamulemba ntchito yolemba nyimbo ndi mbiri za anthu a m'boma lakwawo. Iye ndiye ankadziwa woyimba aliyense, kumene amakhala ndi nyimbo imene amaitha. Mu 1937 anatengera John Lomax kwa Dock Reed ndi Vera Hall. Lomax anabweranso mu 1939 ndi mu 1940.

Nyimbo inayenda, mwini wake anatsala

Pa ulendo wa 1940 Vera anayimba "Another Man Done Gone", nyimbo yonena za mkaidi amene wasowa pagulu la akaidi ogwira ntchito atamangidwa unyolo. Kwa anthu a ku Alabama imeneyi sinali nthano. Boma linkabwereketsa akaidi, ambiri a iwo akuda, kwa eni migodi ndi makampani ena, ndipo Alabama inali yomaliza kusiya mchitidwewu, mu 1928. Mu 1911 mgodi wa Banner unaphulika n'kupha anthu 128, ochuluka mwa iwo akaidi obwereketsedwa.

Nyimboyi inatuluka pa mbale za Library of Congress, wailesi ya BBC inaiulutsa mu 1943, ndipo oyimba otchuka anayamba kuitenga. Odetta anaiyimba. Johnny Cash anaiika pa chimbale chake cha 1963. Vera anali akuchapabe zovala.

Mu 1948 Alan Lomax anamuitanira ku New York kukayimba pa chikondwerero cha nyimbo pa yunivesite ya Columbia. Ali komweko, Lomax anamujambula kwa maola angapo akufotokoza za moyo wake: ubwana, tchalitchi, ukwati, imfa. Zimene ananenazo zinalowa m'buku la Lomax lotchedwa The Rainbow Sign, lotuluka mu 1959. M'bukumo dzina lake analisintha kukhala Nora. Pa nthawi ya tsankho ija, kubisa dzina la munthu wakuda wolankhula momasuka kunali kumuteteza. Komabe zotsatira zake n'zakuti wowerenga ankatha buku lonse osadziwa kuti wamva mbiri ya Vera Hall.

Mu 1959 Alan Lomax anabwereranso kummwera, limodzi ndi woyimba wa ku England, Shirley Collins, ndi ndalama za kampani ya Atlantic Records. Ulendo uno ananyamula makina a tepi. Tepi ndi kalamba kakatali kopakidwa fumbi la chitsulo, ndipo mawu amasungidwa ngati mphamvu ya maginito pa fumbilo. Inkajambula nthawi yaitali, phokoso la singano panalibe, ndipo makina a Lomax ankajambula ndi njira ziwiri nthawi imodzi, kotero kuti womvera amamva ngati woyimba ali m'chipinda momwemo. Mu October chaka chimenecho anafika kwa Vera. Pakati pa nyimbo zimene anayimba panali yauzimu yotchedwa "Trouble So Hard", imene anali ataijambulitsa kale ndi abale ake mu 1937. Tsopano anaiyimba yekha.

Vera Hall anamwalira mu January 1964 ku Tuscaloosa. Inali nthawi imene achinyamata achizungu ankasakasaka oyimba akale a blues. Mississippi John Hurt anali atangopezedwa mu 1963 n'kuyamba kuyimba pamaso pa zikwi za anthu. Vera mwayi umenewo unamuphonya.

Zimene nkhokwe imachita

Kujambula ndi tsiku limodzi. Kusunga ndi ntchito ya mibadwo. Utoto wa pa mbale zija ukakalamba umachita ming'alu n'kuyamba kusupuka. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse aluminiyamu inkapita ku ndege zankhondo, ndiye mbale zinkapangidwa ndi galasi, losweka likangogwa. Tepi imadana ndi chinyezi ndi kutentha, ndipo imachita nkhungu. Choncho osunga nkhokwe amakhala akukopera mawu kuchoka pa chinthu chakale kupita pa chatsopano: pa mbale kupita pa tepi, pa tepi kupita pa kompyuta. Chofunikanso kwambiri ndi kapepala kolembedwa dzina la woyimba, malo ndi tsiku. Mbale yopanda kapepalako imasunga mawu, koma munthu imamutaya.

Ntchito yomweyi inkachitikanso kuno m'zaka zomwezo. Hugh Tracey anazungulira Nyasaland ndi makina ake mu 1950 komanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, akujambula nyimbo za pamtondo, za bangwe ndi za magule. Zimene anajambula zili ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Iye ndi Alan Lomax ankadziwana pa ntchito: Lomax atasonkhanitsa nyimbo za maiko osiyanasiyana za kampani ya Columbia, chimbale cha kum'mawa kwa Africa chinali cha zojambula za Tracey.

Mawu akale, makina atsopano

Zina mwa nyimbo za ulendo wa 1959 zinatuluka pa mbale mu 1960, n'kugulidwa ndi anthu ochepa okonda zoterezi. Mu 1993 Atlantic inazitulutsanso pa ma CD anayi m'bokosi limodzi lotchedwa Sounds of the South. Bokosi limeneli linafika kwa woyimba wa ku New York wopanga nyimbo zovina za pakompyuta, wodziwika ndi dzina lakuti Moby. Dzina lake lenileni ndi Richard Melville Hall. Kufanana kwa dzina ndi Vera kunangochitika.

Moby anagwiritsa ntchito njira yotchedwa sampling. Wopanga nyimbo amadula kachidutswa ka mawu ojambulidwa kale, masekondi ochepa chabe, n'kukaika m'makina okabwereza kangapo konse mmene iye akufunira. Pansi pake amayalapo ng'oma, piyano ndi zida zina. Mawu opanda chida, monga a Vera, ndi amene amafunidwa kwambiri pa ntchitoyi, chifukwa palibe gitala kapena ng'oma yakale yoti ilimbane ndi zatsopanozo. Kujambulidwa kwake wopanda gulu loyimba n'kumene kunapangitsa mawu ake kukhala osavuta kuwatenga.

Chimbale cha Moby chotchedwa Play chinatuluka mu 1999. Nyimbo ya "Natural Blues" inamangidwa pa "Trouble So Hard" ya Vera; "Honey" inamangidwa pa mawu a Bessie Jones wa ku Georgia, ochokera m'bokosi lomwe lija. Poyamba chimbalecho sichinayende, mawailesi sanachilabadire. Moby ndi omuyendetsera ntchito anayamba kupereka chilolezo kwa otsatsa malonda ndi opanga mafilimu kuti azigwiritsa ntchito nyimbozo, mpaka nyimbo zonse 18 zinatengedwa. Anthu anazimva pa TV, anakafunafuna chimbalecho, ndipo chinagulitsidwa makope oposa 10 miliyoni. "Natural Blues" inafika pa nambala 11 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain mu 2000. Nyimbo ya mayi wodandaulira Mulungu za masautso ake inkavinidwa m'malo achisangalalo ku London ndi ku Paris. Pa kanema wa nyimboyo pankaoneka Moby atadzipanga nkhalamba. Ovina ambiri sankadziwa kuti akumva ndani.

Dzina la ndani, ndalama za ndani

Apa m'pamene nkhaniyi imavuta, ndipo sindikuona chifukwa choifewetsera. Lamulo la umwini wa nyimbo linapangidwira munthu amene wakhala pansi n'kupeka nyimbo, n'kuilembetsa. Nyimbo yoyenda pakamwa kwa mibadwo ilibe munthu wotero. Osonkhanitsa nyimbo ankatseka mpatawo polembetsa maina awo pamodzi ndi la woyimba. N'chifukwa chake pa chimbale cha Johnny Cash, eni a "Another Man Done Gone" alembedwa anayi: Vera Hall, Ruby Pickens Tartt, John Lomax ndi Alan Lomax. Pa "Natural Blues" palembedwa Moby, Vera Hall ndi Alan Lomax.

Oikira kumbuyo Lomax amati akanapanda kulembetsa, makampani akanatenga nyimbozo ngati zopanda mwini, woyimba osapeza kalikonse. Otsutsa amafunsa kuti munthu wogwira maikolofoni amakhala bwanji wopeka nyimbo. Onse awiri ali ndi mfundo. Popanda Lomax, mutu uno sukanalembedwa, pakuti sipakanakhala mawu oti timve. Koma kujambula si kupeka, ndipo dzina la wojambula linayenera kukhala pa mzere wakewake.

Kuti ndalama zingathe kufika kwa woyimba zinaoneka pa nkhani ya munthu wina wa ulendo womwe uja wa 1959. Ku ndende ya Parchman ku Mississippi, Lomax anajambula mkaidi wotchedwa James Carter akutsogolera anzake nyimbo ya "Po' Lazarus", nkhwangwa zawo zikugunda nkhuni motsatira nyimboyo. Mu 2000 zojambulazo zinaikidwa koyambirira kwa filimu ya O Brother, Where Art Thou?, ndipo chimbale cha nyimbo za filimuyo chinagulitsidwa mamiliyoni. Osunga nkhokwe ya Lomax anamusakasaka Carter mpaka anamupeza ku Chicago mu 2002, ali nkhalamba, n'kumupatsa cheke choyamba cha madola 20,000. Iye sankakumbukira n'komwe kuti anajambulidwapo. Anamutengera ku mwambo wa mphoto za Grammy chaka chomwecho, ndipo anamwalira mu 2003. Chimene chinamupezetsa chinali dzina lake, limene Lomax analilemba tsiku lojambula lija.

Vera cheke sichikanamupeza. Zimene zinabwera ndi za mtundu wina. Mu 2005 dzina lake linalowetsedwa mu Alabama Women's Hall of Fame, mndandanda wa amayi olemekezeka a ku Alabama. Mu 2007 ku Livingston anaimika chikwangwani chofotokoza mbiri yake. Alan Lomax anamwalira mu 2002, ndipo mu 2012 bungwe limene analiyambitsa, Association for Cultural Equity, linaika pa intaneti zojambula zake pafupifupi 17,000 kuti aliyense amvere kwaulere. M'menemo muli "Trouble So Hard" yopanda ng'oma za Moby, muli nyimbo ya kachilombo ka thonje, mulinso macheza a ku New York a 1948, pamene mayi uja wa m'buku wotchedwa Nora akufotokoza yekha za moyo wake, ndipo pamwamba pake palembedwa Vera Hall.